Mphaka wanga amamveka akamapuma, kodi ndi chibadwa chake kapena akudwala?

Funso: Ndili ndi mphaka wamkazi wa chaka chimodzi ndi theka. Ndinamutola kuseri kwa msika ali kamwana, maso ali manthongo okhaokha, koma anachira yekha. Kwa miyezi itatu tsopano akamapuma amamveka ngati munthu woliza mkonono, ngakhale ali maso. Usiku kukakhala zii timamumva ali pabalaza ife tili kuchipinda. Kudya akudya, makoswe akugwira, koma nthawi zina amachita ngati chakudya chamutsamwa, ndipo amapukusa mutu n'kumakanda khutu lakumanzere. Bambo a kunyumba akuti amphaka onse amatero akakhuta. Mnzanga woyandikana naye nyumba akuti ndimumwetse theka la Panado. Kodi ndide nkhawa? Ndine mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Mayi, ndiyambira pa Panado chifukwa zinazo zikhoza kudikira mawa koma iyi ayi. Musamupatse, ngakhale kachibenthu. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, monga chimachitira cha munthu. Mankhwalawo amawononga magazi mpaka amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimasanduka zabulauni, nkhope ndi mapazi zimatupa, ndipo piritsi limodzi la 500 mg limapha mphaka wamkulu. Theka lakelo nalonso likhoza kumupha wanuyo. Mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma mphaka amene akuvutika kale kupeza mpweya ndiye wosayenera n'komwe kumwa chinthu cholanda magazi mpweya.

Tsopano funso lenileni. Mphaka wathanzi akakhala chete sapuma momveka. Amapumira m'mphuno, pakamwa pali potseka, nthiti zikungogwedera pang'onopang'ono moti mpaka muchite kuyang'anitsitsa kuti muone. Mpweya ukamamveka ndiye kuti penapake m'njira yake mwachepa, monga muja paipi ya madzi imalirira ikapindika. Choncho mphaka amene mukumumva muli chipinda china, ali maso, kwa miyezi itatu, sakuchita zachibadwa. Izi sizikutanthauza kuti afa mawa. Zikutanthauza kuti pali chimene chatsekereza, ndipo chiyenera kupezeka.

Bambowo sanalakwe kotheratu. Amphaka alidi ndi kaphokoso kawo kaja kokhala ngati njinga yamoto ikulira patali, kamene amachita mukamawasisita kapena akakhuta. Kamachokera ku minofu ya pakholingo imene imanjenjemera mofulumira, ndipo kamamveka kosalekeza, pokoka mpweya ndi potulutsa pomwe. Mukaika chala pakhosi pake mumamva kunthunthumira. Chachikulu n'chakuti mphaka amakayamba ndi kukasiya mwakufuna kwake: mutsegulireni mpopi wa madzi pafupi kapena mumuonetse chingwe chikuyenda, kamathera pomwepo. Mkonono wa kutsekeka kwa mphuno sutero. Umabwera ndi mpweya uliwonse, kaya mphaka wakondwa kaya wakwiya, ndipo umakula akamadya kapena akangotha kuthamanga. Ndionjezerepo kuti kaphokoso kachisangalalo kaja si umboni wa thanzi, pakuti amphaka amakachitanso ali mu ululu.

Pali mkonono wina umene sindidandaula nawo. Mphaka wonenepa akagona tulo tofa nato, atapinda khosi mutu uli pansi pa mwendo, akhoza kumveka pang'ono, koma akatembenuka kapena kudzuka phokoso limatha. Palinso amphaka a nkhope zophwatalala monga Persian, Himalayan ndi Exotic Shorthair, amene abale athu ena a ku Johannesburg ndi ku London amagula ndalama zambiri. Amenewo anthu anachita kuwasankha mibadwomibadwo mpaka mphuno inafupika, mabowo ake n'kuchepa, ndiye amafwenthera moyo wawo wonse. Eni ake amati ndi mtundu wake, ine ndimati ndi chilema chimene tinachizolowera. Koma mphaka wa kuseri kwa msika ali ndi mphuno yaitali bwinobwino, alibe chifukwa chomvekera.

Khutu lanu likhoza kuthandiza dokotala kuposa mmene mukuganizira, chifukwa mtundu wa phokoso umaulula pamene pali vuto. Phokoso lokhuthala, la mkonono kapena lofwenthera, lomveka kwambiri pokoka mpweya, limachokera m'mphuno ndi kuseri kwa mphuno chakummero. Phokoso lopyapyala, lakuthwa, lomvekanso pokoka mpweya, limachokera pakholingo. Kamluzu kochokera m'chifuwa, komveka potulutsa mpweya mphaka akuchita kukankha ndi mimba, n'ka m'timitsempha ta mpweya ta m'mapapo. Zimene mwafotokozazi zikuloza malo oyambawo.

Mbiri ya mphaka wanuyo yandiuza zambiri. Manthongo aja munamupeza nawo anali chimfine cha amphaka, chimene nthawi zambiri chimayamba ndi mavairasi awiri, herpesvirus ya amphaka ndi calicivirus. Musaope, sizipatsira anthu. Calicivirus amakonda kuchititsa zilonda palilime. Herpesvirus ndiye wosamvera: mphaka akachira, vairasiyo amakabisala m'mitsempha ya kumutu n'kukhala momwemo moyo wonse, ndipo amadzuka mphaka akapanikizika, monga posamuka nyumba, pobereka, kapena kukabwera galu watsopano. Chinanso, m'kati mwa mphuno ya mphaka muli timafupa topyapyala ngati pepala, topindikapindika, timene timasefa ndi kufunditsa mpweya. Chimfine chikamugwira mwamphamvu ali wakhanda, timafupato timawonongeka ndipo sitimeranso bwino. Mphaka wotere amakula ndi mamina osatha, kuyetsemula ndi kufwenthera, lero bwino mawa ayi. Kuchiriratu n'kovuta, koma amakhala zaka zambiri akusamalidwa.

Komabe inu simunatchule mamina ambiri kapena kuyetsemula. Mwatchula kutsamwa ndi khutu, ndipo apa m'pamene maganizo anga akhazikika. Pakati pa khutu lam'kati ndi kuseri kwa mphuno pali kanjira kakang'ono, kamene kamachititsa kuti ifenso makutu atitseke tikamakwera phiri la Zomba pagalimoto. Mwa amphaka aang'ono, kawirikawiri osapitirira zaka ziwiri kapena zitatu, m'khutu lam'kati kapena m'kanjirako mumatha kuphuka kachotupa kotchedwa polyp. Si khansa. Ndi kanyama kofewa kofiirira kokhala ndi kaphesi, kamene kamakula pang'onopang'ono n'kukalendewera kuseri kwa mphuno, pamwamba pa kanyama kofewa ka kumapeto kwa m'kamwa. Kakafika kukula ngati nsawawa kapena kupitirira, mpweya umadutsa mopanikizika, ndiye mkonono uja. Pomeza, chakudya chimakakankha, ndiye kutsamwa kuja. Muzu wake uli kukhutu, ndiye kupukusa mutu kuja. Amphaka ena mawu amasintha, ena amapendeketsa mutu mbali imodzi kapena kutuluka mafinya m'khutu.

Sindingalumbire ndisanamuone. Kukanda khutu kukhoza kukhala nkhani yapayokha, monga tinthata ta m'makutu timene timasiya litsiro lakuda ngati mwaye. Koma msinkhu wake, kuyamba pang'onopang'ono, ndi zizindikiro zitatu zimene zikugwirizana chonchi, ndikanakhala ine ndikanayamba kufufuza polyp. Ubwino wake ndi wakuti pa zonse zimene zimatseka mphuno ya mphaka, iyi ndi imodzi mwa zochizika bwino.

Zina ndingozidutsa mwachangu. Mphaka amadya udzu n'kusanza, ndipo tsamba la udzu limatha kulowera kuseri kwa mphuno n'kukakamira komweko. Pamenepo vuto limayamba mwadzidzidzi, ndi kuyetsemula kosalekeza ndi kumeza pafupipafupi. Dzino lakumwamba likaola muzu, mafinya amaboolera m'mphuno mbali imodzi. Mphaka wokalamba, wa zaka 10 kupita m'tsogolo, akayamba mkonono ndi mamina a magazi bowo limodzi, timaopa khansa ya m'mphuno, makamaka lymphoma. Palinso fangasi wotchedwa Cryptococcus, wopezeka m'dothi ndi m'zitosi za nkhunda, amene amatupitsa pamwamba pa mphuno. Mukafuna kudziwa ngati mabowo onse akutulutsa mpweya, ikani kaulusi ka thonje kutsogolo kwa bowo lililonse muone ngati kakugwedera, kapena muyandikize galasi lozizira muone ngati nthunzi ikugwa mbali zonse ziwiri.

Chenjezo limodzi pano, poti tili ku Malawi kumene chiwewe chidakalipo. Musapise chala kukhosi kwa mphaka pofuna kuona chimene chamutsamwa. Mphaka amene wasintha mawu mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akulephera kumeza ndipo khalidwe lake lasintha, mutsekereni m'chipinda osamugwira ndipo muitane alangizi a ziweto. Wanuyo si wachiwewe, pakuti chiwewe chikaonekera chimapha pasanathe masiku 10, sichitenga miyezi itatu. Koma ngati sanabayitse katemera wake, mukapita naye kwa dokotala abayitse.

Za m'chifuwa ndi nkhani ina. Amphaka amadwala mphumu ngati anthu, pakati pa mmodzi ndi asanu pa 100 aliwonse, ndipo a mtundu wa Siamese amaposa anzawo. Eni ambiri saizindikira chifukwa mphaka wotsokomola amaoneka ngati akufuna kusanza: amanyonyomala, kutambasula khosi pafupi ndi pansi, kukhosomola kouma kangapo, kenaka kumeza, popanda chotuluka. Zoyambitsa zake zili m'nyumba mwathu momwemu. Mphaka amakonda kuothera mbaula m'mwezi wa June, mphuno ili pafupi ndi utsi ndi phulusa kuposa yathu. Onjezani koyilo ya udzudzu yoyaka usiku wonse mazenera ali otseka, mankhwala opopera tizilombo, lubani, fodya, polishi wa pansi ndi fumbi la tsache. Mphumu imagonja ndi mankhwala ochepetsa kutupa monga prednisolone, kapena opumira monga fluticasone ndi salbutamol kudzera m'kabotolo kokhala ndi chophimba kumphuno, koma mlingo wake ndi wa dokotala.

Mphaka wogwira makoswe ngati wanuyo tisanamutchule wamphumu timayamba taganizira nyongolotsi za m'mapapo, zotchedwa Aelurostrongylus abstrusus. Ana ake amakulira mu nkhono, ndipo khoswe, mbalame, buluzi kapena chule akadya nkhonoyo amazisunga m'thupi mpaka mphaka atamudya. Chifuwa chake chimafanana ndi cha mphumu, koma chimatha ndi mankhwala a nyongolotsi monga fenbendazole omwa masiku angapo.

Apa ndifike pa chimene ndimafuna mwini mphaka aliyense atachigwira. Kukula kwa phokoso si muyeso wa kuopsa kwa matenda. Mphaka wa mkonono womveka mpaka kuchipinda akhoza kukhala nanu zaka zambiri, pamene amene ndimamuopa ine ndi wopuma mwakachetechete koma mothamanga. Madzi akadzaza m'chifuwa mozungulira mapapo, mapapowo amalephera kufutukuka, koma njira ya mpweya imakhala yotsegula, ndiye palibe chimene chimalira. Madziwo amabwera ndi matenda a mtima, kapena amakhala mafinya ochokera pa bala lolumidwa ndi mphaka mnzake, kapena matenda a vairasi otchedwa FIP. Mphaka wogundidwa ndi galimoto kapena womenyedwa theche amatha kung'ambika kanyama kolekanitsa chifuwa ndi mimba, matumbo ndi chiwindi n'kulowa kumene kuli mapapo, iye akuyendabe. Matenda okhuthalitsa minofu ya mtima amapezeka mwa mphaka pafupifupi mmodzi pa 7 aliwonse, ambiri osaonetsa kanthu, ndipo mosiyana ndi galu, mphaka wodwala mtima satsokomola kawirikawiri. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mphaka ndi nyama yobisa kufooka kwake, ndiye akayamba kubanika amangochepetsa kuyenda, kusiya kukwera pampanda, kugona kwambiri, ife n'kumati wayamba ulesi.

N'chifukwa chake ndimati werengani, musangomvetsera. Dikirani agone tulo, pamalo pozizirira bwino, asakulota kapena kuchita kaphokoso kachisangalalo kaja. Yang'anani nthiti. Kukwera ndi kutsika ndi mpweya umodzi. Werengani kwa masekondi 30 pa foni, muchulukitse kawiri. Mphaka wathanzi ali m'tulo sapitirira 30 pa mphindi, ndipo ambiri amakhala cha m'ma 20. Chitani zimenezi masiku atatu kapena anayi mukulemba, kuti mudziwe nambala yakeyake. Ikamapitirira 30 mobwerezabwereza, akaonedwe sabata yomweyo. Ikadutsa 40 ali gone, ndi ulendo wa tsiku lomwelo.

Pali zina zosafuna n'kuwerenga komwe. Mphaka si galu, sachita wefuwefu lilime lili panja pofuna kudziziziritsa. Kamwana kothamangitsa chingwe dzuwa la October kakhoza kutsegula pakamwa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri n'kusiya, momwemonso mphaka wamantha m'galimoto. Koma wamkulu amene wangokhala, pakamwa yasa, wakana kugona chammbali, wakhala chonyonyomala zigongono atazitalikitsa ndi chifuwa, khosi atatambasula, mimba ikugunda ndi mpweya uliwonse, ameneyo ali pakati pa moyo ndi imfa. Kwezani mlomo muone nkhama. Zizikhala zofiirira ngati m'kati mwa chikope chanu. Zikayera mbuu, zikachita bii ngati zabuluu kapena zabulauni, nyamukani.

Kwa mphaka wa makoswe kumbukiraninso poizoni. Tameki uja amagulitsidwa m'timapepala m'misika amagwira msanga: dovu lambiri, kunjenjemera, kutsegula m'mimba, ndi m'chifuwa molira ngati madzi akuwira chifukwa njira za mpweya zadzaza makhololo. Jakisoni wa atropine amapulumutsa akafika msanga. Mankhwala ena a makoswe, aja oletsa magazi kuundana, amabisala masiku atatu mpaka asanu, kenaka mphaka amayamba kukha magazi m'kati, nthawi zambiri m'chifuwa, n'kumapuma mothamanga nkhama zitayera. Amenewo mankhwala ake ndi vitamini K1. Mkaka, mafuta ophikira ndi makala osinja zimene anthu amathira kukhosi sizithandiza, ndipo mphaka wobanika mukamuthira zamadzi zimalowera m'mapapo.

Ponyamula mphaka wobanika, chimene chimapha ambiri ndi mantha a panjira. Musamuike m'thumba la saka, musamukulunge mothina m'chitenje, musamufungatire pachifuwa. Muikeni m'katoni yaikulu yoboola mabowo ambiri kapena m'dengu lovindikira, mumusiye akhale mmene wafunira, ndipo apewe dzuwa. Dokotala wodziwa ntchito nayenso sathamangira kumugwiragwira. Amayamba wamupatsa oxygen ndi kumukhazika mtima pansi, ndipo ngati m'chifuwa muli madzi amawapopa ndi jakisoni asanaganize za X-ray.

Wanuyo sanafike pamenepo, poti akudya ndi kusaka. Koma musadikire mwezi wina, pitani naye masiku omwe ano. Podikirapo, muchotseni pa utsi wa kukhitchini ndi m'chipinda choyaka koyilo. Mupukuteni mphuno ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda ngati pali zouma. Nthunzi imafewetsa mamina: muikeni m'dengu lake m'bafa lotseka, beseni la madzi otentha lili pambali pamene sangalifike, kwa mphindi 10 kapena 15. Akhale madzi okha. Nthawi ya Covid tinazolowera kudzifunditsa bulangete pa nthunzi ya masamba a bulugamu ndi Vicks, koma mafuta amenewo ndi poizoni kwa mphaka ndipo amawawitsa njira zake za mpweya. Yang'aniraninso kadyedwe. Mphaka sadya chimene sakuchinunkhiza, ndiye mphuno ikatseka amaima pa mbale n'kuchokapo. Mufunditsireni chakudya pang'ono kuti fungo lituluke. Usipa wowiritsa wopanda mchere komanso wopanda anyezi umakopa ngakhale wodwala. Akatha masiku awiri osadya musayembekezere lachitatu, chifukwa chiwindi cha mphaka wosadya chimadzaza mafuta n'kuwonongeka, makamaka ngati ali wonenepa.

Makapisozi a amoxicillin otsala m'kabati asiyeni. Akhoza kuchepetsa mamina achikasu kwa sabata imodzi, inu n'kuganiza kuti wachira, koma sasungunula polyp, sachotsa udzu, ndiponso sapha vairasi. Ndaonapo amphaka atamwetsedwa maulendo anayi kapena asanu, mkonono ukubwerera nthawi zonse, pamene chofunika chinali kungosuzumira kuseri kwa m'kamwa kamodzi kokha.

Ku Blantyre kuli BSPCA, ku Lilongwe kuli LSPCA, mabungwe osamalira nyama, kuphatikiza madokotala a ziweto oima paokha ndi maofesi a boma a zaziweto m'maboma. Musanapite mujambuleni vidiyo pa foni, ina ali m'tulo ina akudya, mawu akumveka bwino, chifukwa mphaka akafika kuchipatala mantha amasintha kapumidwe kake ndipo dokotala samva zimene inu mumamva usiku. Tengani manambala munalemba aja. Mutchule manthongo a ali mwana, kutsamwa ndi khutu lakumanzere, ndipo mufunse mosapita m'mbali ngati angamuone kuseri kwa mphuno. Zimenezi sizitheka mphaka ali maso. Amamugonetsa ndi mankhwala, ndiye mufunse za maola omusalitsa chakudya musananyamuke. Ali m'tulo amasuzumira m'makutu onse awiri, amakokera kutsogolo kanyama kofewa ka m'kamwa kaja, ndipo polyp ikakhalapo amaigwira ndi kapani n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka ituluke ndi phesi lake. Nthawi zambiri ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Ndikuchenjezeretuni ziwiri kuti musadzadzidzimuke. Polyp imatha kumeranso ngati muzu unatsalira m'khutu lam'kati, n'chifukwa chake madokotala ambiri amapereka prednisolone wa masabata angapo pambuyo pake, ndipo ikabwerera pamafunika opaleshoni yotsegula fupa la khutu. Chachiwiri, mitsempha ina yopita kudiso imadutsa m'khutu momwemo, ndiye akatsitsimuka mukhoza kuona diso la mbali imeneyo lachepa, kamwanadiso kafinyika, ndi kachikopa koyera katuluka pakona n'kuphimba mbali ya diso. Zimaoneka zoopsa koma sizipweteka, akuona bwinobwino, ndipo kawirikawiri zimatha zokha pakapita masabata ochepa. Mkonono wokha nthawi zambiri umatha msanga, moti usiku woyamba mwina mudzadzuka kukamuyang'ana pabalaza chifukwa simukumumva.